Chaka chathunthu ndinkajambula nkhongo za anthu

Tsiku lina foni yanga inakana kulandira zinthu pa WhatsApp, ati malo atha. Ndinakhala pakhonde kwathu ku Chileka n'kuyamba kufufuta zithunzi chimodzichimodzi, ndipo m'pamene ndinaona chinthu chomwe chinandichititsa manyazi ndili ndekha. Pa zithunzi zonse zomwe ndinajambula mumsewu chaka chimenecho, nkhope za anthu zinali zowerengeka. Zambiri zinali nkhongo. Nkhongo ya wakabaza pa Kameza, nkhongo ya mayi wosenza dengu, nkhongo za ana asukulu akuthamangira minibasi, msana wa bambo akukankha njinga ya makala pachitunda. Munthu wosandidziwa akanaganiza kuti ndikuchita kafukufuku wa kametedwe.

Ndinayamba kujambula nditangomaliza kuyunivesite, nthawi ija yomwe digiri ili m'chikwama koma ya minibasi ukupempha kwa amayi. Maganyu olemba nkhani za pa intaneti ankafuna zithunzi, ndipo ndinatopa ndi zithunzi zaulere zija za azungu akumwetulirana mu ofesi pamwamba pa nkhani yonena za mtengo wa chimanga. Ndinati basi ndizijambula ndekha. Kamera ndinalibe, panali foni yokha, yotsika mtengo, yong'aluka pakona.

Kajambulidwe kanga kanali ka wakuba. Ndinkaima kutali, kukhala ngati ndikuwerenga uthenga, kukoka zumu mpaka kumapeto, kudina, n'kubweza foni m'thumba mtima ukugunda. Kapena ndinkajambulira pawindo la minibasi ikuthamanga. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pa mafoni ambiri otsika mtengo zumu ija si zumu yeniyeni. Foni imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukafufumitsa, ndiye nkhope ya munthu imatuluka ngati phala. Ndinkadandaula kuti vuto ndi foni, ndipo ndinkauza aliyense kuti tsiku lomwe ndidzagule kamera yeniyeni adzandidziwa.

Chithunzi choyamba chomwe nkhope inaoneka bwino ndi chomwe chinandiika m'mavuto.

Azakhali anga amakhala ku Lirangwe. Kuchokera kwathu umakwera kukatsika pa Kameza, n'kudikira ya ku Zalewa, kudutsa Lunzu ndi Matindi. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako ku Lirangwe mwezi umenewu akudziwa kuti dzuwa la kumeneko silichita nthabwala. Chamasana ndikudutsa pamsika ndinaona mayi wina wogulitsa tomato atagona chokhala, mutu atatsamiritsa pa nsichi ya shedi, duku litapendekera mbali imodzi, kukamwa kuli yasa. Kutsogolo kwawo milu ya tomato ili ndondondo, yofiira bwino. Poti anali mtulo, mantha ndinalibe. Ndinayandikira, kugwada, kujambula kanayi, n'kumapita. Madzulo ndinachiika pa Facebook ndi mawu achizungu otamanda amayi a ku Malawi kuti ndi olimbikira ntchito. Anthu anachikonda kuposa china chilichonse chomwe ndinaikapo, ndipo ndinagona ndikudzimva kuti tsopano ndafikapo.

Pasanathe masiku atatu wina anali atachikopera, kuchotsa mawu anga aja n'kulembapo ake, akuti umu ndi mmene amagonera munthu yemwe alibe ngongole ya banki m'khonde. Chinayenda m'magulu a WhatsApp mpaka chinandipeza ine mwini wake m'gulu la anzanga akusukulu. Ndisaname, ndinaseka nawo.

Kenako azakhali anaimba foni. Sanapereke moni. "Iwe, wadzachita chiyani kuno?" Mayi aja amapemphera nawo limodzi. Mwana wawo wamwamuna, wa kusekondale, anzake anali atamuonetsa chithunzicho m'kalasi. Pamsika anyamata ena anayamba kuwaitana mayiwo ndi dzina lachipongwe lochokera pa chithunzi chomwecho. Ndinathamangira kufufuta pa Facebook, koma ndinkafufuta chiyani? Chinali kale m'mafoni a anthu omwe sindidzawadziwa.

Loweruka lotsatira tinapita kunyumba kwawo, azakhali patsogolo, ine pambuyo ndi paketi ya shuga m'jumbo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo mwina zikanandipepukira. Mayiwo anatiyalira mphasa, n'kumvetsera kupepesa kwanga konse osandidula. Nditamaliza anati: "Mwananga, tsiku limene lija ndinadzuka 3 koloko usiku kukapikula tomato ameneyo. Tulo si mlandu. Koma iwe ukanandidzutsa. Ukanandidzutsa ndikanamanga duku bwinobwino, undijambule."

Mawu amenewo ndinabwerera nawo ku Chileka ndipo anandisowetsa tulo. Mayiwo sankakana kujambulidwa. Ankakana kubedwa.

Ine maphunziro anga a kujambula ndinawatenga pa YouTube, ndipo kumeneko dzina lomwe limamveka kwambiri ndi la Henri Cartier-Bresson wa ku France, yemwe buku lake la zithunzi la mu 1952 linaphunzitsa dziko lonse kuti pali kamphindi kamodzi komwe zonse zimagwirizana, ndipo wojambula ayenera kukagwira kasanathawe. Iye ankamata tepi yakuda pa kamera yake ya Leica kuti isanyezimire, anthu asamuzindikire. Ndinatengapo phunziro lakuti wojambula wabwino ndi wosaoneka. Mwina ku Paris zimatheka, kumene anthu amadutsana osadziwana. Pa Lirangwe mlendo amadziwika phazi lisanaponde pansi kuchoka m'minibasi. Ukamayesa kubisala ndi pamene umaonekera kwambiri, ndipo umaoneka ngati munthu wa zolinga zoipa.

Peter Magubane wa ku South Africa, yemwe anamwalira mu Januwale 2024, ankabisa kamera yake m'kati mwa buledi pa nthawi ya tsankho. Koma iye ankabisira apolisi a boma lomwe linkapha anthu ake ndipo silinkafuna kuti dziko lione. Ine ndinkabisira ndani? Mayi wogulitsa tomato.

Ndipo anthu akamakayikira foni yolozedwa kwa iwo, ali ndi zifukwa. Ena anajambulidwapo ndi alendo obwera pa galimoto zazikulu, atanyamula ana awo pakhomo pa nyumba yogumuka, ndipo thandizo lomwe ankaganiza kuti likubwera silinafike. N'chifukwa chake funso loyamba lomwe umalandira ndi lakuti, "Mukufuna mukatigulitse kwa azungu?" Ena amaopa za masalamusi, kuti chithunzi chawo chikagwiritsidwa ntchito kwa asing'anga. Ukhoza kuseka, koma kumbukira kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinachoka ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mu Blantyre muno, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongooneka achilendo. Munthu woyenda mozemba ndi kachipangizo m'manja pamalo pomwe sakudziwika akusewera ndi moyo wake.

Chodabwitsa n'chakuti ife Amalawi timakonda kujambulidwa. Ndili wamng'ono kunkabwera bambo wina panjinga, kamera ili pakhosi, makamaka Lamulungu anthu akuweruka kutchalitchi. Akangomveka kuti wafika, nyumba yonse inkasokonekera. Kusamba, kudzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, kubwereka nsapato, wina kunyamula wailesi kuti ionekere nawo. Unkapereka ndalama ina pomwepo, iye n'kupita kukatsukitsa m'tauni, ndipo pakatha sabata ziwiri ankabwera ndi makadi mu envulopu. Kunja kwa envulopuyo kunalibe chithunzi chako china choyendayenda. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa mmene timaganizira: Mungo Murray Chisuse, yemwe ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Blantyre Mission, anali atayamba kale kujambula anthu zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo anajambulapo John Chilembwe ndi banja lake. Kuyambira nthawi imeneyo anthu kuno amadziwa kuti chithunzi ndi chinthu cha anthu awiri, wojambula ndi wojambulidwa, ndipo aliyense ali ndi mbali yake. Ine ndinabwera ndi foni n'kutenga mbali zonse ziwiri.

Nditayambiranso, ndinasintha chinthu chimodzi chokha poyamba: foni inatuluka m'thumba. Ndikafika pamsika imakhala m'manja poyera. Ndimapereka moni ngati munthu woleredwa, kugula kanthu ngakhale nthochi ziwiri, kukhala pansi ngati pali pokhala. Ndimanena kuti ndine wa ku Chileka, azakhali anga ndi akutiakuti, ndimalemba nkhani ndipo ndikuphunzira kujambula. Kenako: "Mayi, ndingakujambuleni mukugulitsa?" Ena amakana, ndipo ndimathokoza n'kupitiriza kucheza pang'ono, kuti asaone ngati moni uja unali nyambo. Ena amafunsa ndalama. Pamenepo ndimanena zoona kuti sindilipira, koma ndidzabweretsa khadi. Ambiri amavomera.

Akavomera, chithunzi choyamba chimakhala choipa nthawi zonse. Munthu amaimirira njo, manja m'mbali, nkhope ngati ya pa chiphaso cha unzika. Kale ndikanakhumudwa. Pano ndimajambula chomwecho, n'kumuonetsa. Amaseka, anzake amabwera kudzaona, wina amati wanenepa, wina amati ajambulidwe nayenso. Ndiye ndimangokhala pomwepo osachoka. Pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri kasitomala amafika, kukangana za mtengo kumayamba, wogulitsa uja amaiwala za ine, ndipo chithunzi chomwe ndinabwerera chimabwera chokha: dzanja likuwonjezera tomato wa basela, diso likuwerenga chenje, kuseka kwa munthu yemwe wapambana pa mtengo. Kamphindi kaja ka Cartier-Bresson kaliko ndithu. Kungoti kuno umakapeza anthu akatopa nawe, osati asanakuone.

Nditayandikira m'pamene ndinayamba kuona zolakwika zina zomwe zumu inkandibisira. Choyamba n'chochititsa manyazi: diso la kamera linkakhala ndi mafuta a zala ndi fumbi. Chifunga chomwe ndinkati ndi kufooka kwa foni chinatha nditayamba kupukuta ndi nsonga ya malaya ndisanajambule. Chachiwiri ndi mtunda. Kamera yaikulu ya foni imaona motambalala, ndiye ukaiyandikiza kwambiri kunkhope mphuno imakula, makutu n'kuthawira kumbuyo. Mapazi awiri kapena atatu kuchoka pa munthu ndi pomwe pamakhala bwino: nkhope ikuoneka, manja akuoneka, katundu wake akuonekanso.

Koma nkhani yaikulu ndi kuwala, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mavidiyo ambiri omwe timaonera sanapangidwire khungu lathu kapena dzuwa lathu. Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse n'kusankha pakatikati. Ukaimika munthu wakuda bwino kutsogolo kwa thambo loyera la masana, kapena khoma lopaka laimu, kapena atavala malaya oyera a mvano, foni imaona kuwala kochuluka n'kudetsa zonse. Thambo limatuluka bwino, nkhope n'kukhala chithunzithunzi chopanda maso. Mankhwala ake ndi kudina pankhope pa sikirini usanajambule. Pamatuluka kabokosi kapena kamkombero, pambali pake kachizindikiro ka dzuwa, ndipo ukakakweza pang'ono nkhope imatseguka. Thambo likhoza kuyera mopitirira, zilibe kanthu, sunabwerere thambo. Koma usakweze mpaka munthu kusanduka wotuwa. Mafoni ena ali kale ndi khalidwe loyeretsa ndi kusalaza khungu mwa okha, ndipo kabatani kokongoletsa nkhope kaja ndinakazimitsa tsiku lomwe ndinajambula agogo ena n'kupeza makwinya awo onse atafufutidwa. Makwinyawo ndi omwe ndinkafuna.

Dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana limachokera pamutu penipeni. Maso amalowa m'maenje amdima, chipumi chimanyezimira, aliyense amatsinzina. Vuto n'lakuti msika umatentha nthawi yomweyo. Ndiye ndinaphunzira kufunafuna m'mphepete mwa mthunzi: pakhomo pa shedi, pansi pa khonde la golosale, kunsonga kwa mthunzi wa mtengo wa mango. Munthu akakhala mumthunzi koma atayang'ana kunja, kuwala kobwerera kuchokera pa dothi kumamuwalitsa nkhope mofewa, ndipo dothi lathu lofiirira limapatsa khungu mtundu womwe fyuluta iliyonse singaupange. Pakati penipeni pa mtengo pamakhala madontho a dzuwa odutsa m'masamba, amenewo amaika zigamba pankhope, apewe. Ukatha kudzuka, 6 koloko m'mawa pa Lunzu tsiku la msika, anthu akutsitsa katundu, fumbi likuwala ndi dzuwa lotuluka kumene, ungajambule ndi foni iliyonse.

China chomwe chinanditengera nthawi ndi kuyang'ana kumbuyo kwa munthu. Maso athu amasankha, kamera sisankha. Iwe ukuona nkhope yokoma, kamera ikuona nkhopeyo pamodzi ndi pholo la magetsi lomera pamutu pake, jumbo ya buluu ili pansi, ndi theka la bambo wina akutokosa m'mano. Nthawi zambiri kusuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere kumakonza zonse. Kugwada kumakonza zambiri kuposa pamenepo. Ogulitsa ambiri amakhala pansi, ndipo ukawajambula uli chiimire amaoneka aang'ono, ngati opempha. Ukatsika kufika pa msinkhu wa maso awo amaoneka mmene alili, eni malo.

Masiku ena ndimayamba ndi kumbuyo komweko. Ndimapeza khoma labwino, monga mashopu aja opakidwa kufiira kwa Airtel kapena kubiriwira kwa TNM, kapena chikwangwani cha ometa chojambulidwa pamanja, n'kuima pamenepo poyera foni ili m'mwamba, kudikira kuti moyo udutse. Amene sakufuna amazungulira kumbuyo kwanga kapena kundikupiza dzanja, ndipo ndimatsitsa. Amene alibe nazo ntchito amadutsa. Wanjinga akamabwera ndimajambula zambiri motsatizana, n'kudzasankha chimodzi kunyumba. Pa makumi atatu chimatuluka chimodzi, mwinanso osatuluka.

Mnzanga wina yemwe ali ndi kamera yeniyeni amati zomwe ndimachitazi si kujambula kwa mumsewu, ndi situdiyo yopanda denga. Akuti ukangopempha, choonadi chathawa. Sindimutsutsa kotheratu. Pali zithunzi zomwe ndaziphonya chifukwa chopereka moni, ndipo zina zimandiwawabe: agogo awiri pa Chatha akugawana fodya wamphuno, akuseka mpaka misozi, ndipo pomwe ndinkamaliza kudzifotokoza anali atakhala kale tcheru ngati ali m'khoti. Komanso sikuti ndimapempha aliyense. Chithunzi cha msika wonse, cha anthu akulimbirana minibasi, cha mpira wa pabwalo, sungayende kufunsa mmodzimmodzi. Koma nkhope imodzi ikangokhala mwini wa chithunzi, ndimadzifunsa ngati ndingathe kutembenuza foni n'kumuonetsa munthuyo osathawa. Chithunzi cha mayi aja sindikanatha kuwaonetsa, ndipo ndinkadziwa zimenezo pomwe ndinkagwada.

Ndinaphunziranso kuti chilolezo chili pawiri. Kujambula ndi kwina, kuika pa intaneti ndi kwina, ndipo ndimafunsa padera: "Ndikachiika pa Facebook, anthu ambiri akachiona, zili bwino?" Alipo ambiri omwe amavomera koyamba n'kukana kachiwiri. Wina anandiuza kuti amuna awo sadziwa kuti amagulitsa mowa. Mtsikana wina anati kwawo amadziwa kuti ali pa ntchito ya mu ofesi m'tauni. Zimenezi sungazione pa sikirini. Malamulo aliponso, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la mu 2016 la zochitika pa intaneti limaletsa kuzunza ena kudzera pa makina. Koma ine sanandiphunzitse ndi malamulo, anandiphunzitsa mnyamata wa kusekondale yemwe mpaka lero sandiyankha moni.

Ana sindiwajambula popanda kholo pafupi, ngakhale iwo ndi omwe amathamangira kamera. Pa rodibuloko ya apolisi, ndi kumpanda wa bwalo la ndege la Chileka, foni imabwerera m'thumba. Ndipo pa ngozi za pa M1, pomwe masiku ano anthu amafika ndi mafoni asanafike ndi thandizo, sindijambula n'komwe. Pali mabanja omwe amva za maliro a m'bale wawo kudzera pa sitetasi ya munthu wosamudziwa.

Kwathu ku Chileka kuli nkhani yomwe ndimaiganizira kawirikawiri. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anapeza anyamata awiri apachibale, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba nyimbo za kwela m'misewu ya Blantyre. Akanatha kuwajambula n'kumapita, ndipo lero kukanakhala chithunzi china cha "ana oimba a mu Africa" m'kabati ina ku Vienna. Iye anafunsa maina, anawatsatira kwawo m'mudzi wa Singano konkuno ku Chileka, anawajambula mawu ndi kanema, anabwerera mobwerezabwereza, mu 1974 anatulutsa buku lonena za gulu lawo, ndipo pambuyo pake ankaimba nawo limodzi m'gulu la Donald. Abale awiriwa anakaimba mpaka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma tikaona zithunzi zija timadziwa kuti uyu ndi ndani, wa m'mudzi uti. Pa nkhongo zonse zomwe ndinafufuta pakhonde paja, panalibe ngakhale imodzi yomwe ndikanatha kutchula mwini wake. Pano ndili ndi kakope komwe ndimalembamo dzina, malo ndi nambala ya foni ngati ilipo. Wokhala ndi WhatsApp ndimamutumizira ngati Document kuti chithunzi chisaphwanyike, wopanda ndimakatsukitsa m'tauni ndalama ikapezeka.

Mayi a tomato aja ndinawajambulanso patatha miyezi inayi, ndipo tsiku anasankha okha. Ndinawapeza atavala chitenje chatsopano, duku atamanga ngati akupita ku chinkhoswe. Anaimirira njo, ndinajambula. Ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chomwe ndinachikonda ine ndi china, akukalipira mnyamata wa wilibala yemwe anagunda dengu lawo, chala chili m'mwamba koma pakamwa kuseka kukuoneka kuti kwayandikira. Ndinatsukitsa zonse ziwiri.

Nditawapatsa envulopu anapukuta manja pa chitenje asanatsegule. Choimirira chija anachiyang'ana nthawi yaitali n'kuchibisa m'kati mwa buku lawo la nyimbo. Chokalipa chija anaseka, anaitana mayi wa pa benchi yoyandikana kuti adzaone, kenako anachibweza kwa ine. "Ichi sunga iwe, koma pa foni pako pokha. Ndiyenso taona, wadula mulu wa tomato akuluakulu, waonetsa ang'onoang'ono okhaokha. Anthu aziti ndimagulitsa zinyenyeswa?" Anandiuza kuti ndidzabwerenso mvula ikatha, tomato akadzachuluka, ndidzawajambule pamodzi ndi anzawo a pa benchi yoyandikanayo, ndipo ndisadzafike masana.